Ndinatanganidwa ndi kabedi ka khanda, wachisamba n'kumachoka usiku

Pamene ndinazindikira kuti ndaima, mu Novembala 2023, ndinali ndi zaka 39 ndipo mwana wanga wachisamba anali ndi zaka 16, ali Fomu 3. Bambo ake anatisiya iye ali Sitandade 4. Ndinakhala ndekha zaka zisanu ndisanakwatiwenso, ndipo bambo amene ndili nawo panowa analibe mwana. Ndiye mutha kuona chimwemwe chimene chinalowa m'nyumba mwathu ku Chibavi, mu mzinda wa Mzuzu. Mwezi womwewo ndi umene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu ikusintha m'mawa ndi madzulo, koma ife sitinkazimva. Maganizo onse anali pa mlendo amene ankabwerayo.

Wachisambayu ndinamulera pa mphasa, m'kachipinda kamodzi ka lendi ku Lilongwe, matewera ndikusunga m'katoni. Zimenezo zinkandiwawa mumtima zaka zonsezi. Ndiye ulendo uno ndinati mwana wanga akhala ndi chipinda chakechake, chonga zimene ndinkaona pa Facebook: kabedi ka mbali zinayi, kabati ya madirowa, makatani owala. Nyumba yathu ndi ya zipinda zogona ziwiri, kuphatikiza kachipinda kena kakunja kamene tinkasungamo makala ndi matumba a chimanga. Ndinauza bambo kuti mnyamatayu wakula, kwathu ku Ntcheu msinkhu umenewu amakhala atapita kale ku gowelo. Bambo anazengereza. Anati, "Mayi, simukuona kuti aganiza kuti ndine ndikumutulutsa?" Ndinawayankha kuti mwana wanga ndimamudziwa ndine.

Mu Febuluwale tinasesa kachipinda kaja, kupaka laimu, kulumikiza magetsi, n'kumupatsa kiyi wake. Sindinamufunse maganizo ake, ndinangomuuza. Iye anangoti, "Chabwino amayi," n'kunyamula matiresi ake pamutu. Ndinatenga mawu awiri amenewo ngati kuvomera.

Za mipando ndizifotokoze bwino chifukwa ndi pamene ndalama zinayambira kutayika. Mnzanga wa ku banki m'khonde anandilozera mmisiri wina wa matabwa wa m'mbali mwa msewu. Ndinamuonetsa chithunzi cha pa foni, iye n'kuti zimenezi n'zazing'ono. Tinagwirizana K190,000 pa kabedi ndi kabati, ntchito ya masabata atatu. Anandiuza kuti matabwa a paini ochokera ku Chikangawa akukwera mtengo sabata iliyonse, ndiye ndimupatse zambiri agulire limodzi. Ndinatulutsa K150,000 pamanja. Sitinalemberane paliponse, panalibe mboni, ndipo sitinakambe za miyeso ngakhale umodzi. Chithunzi basi.

Masabata atatu anasanduka asanu ndi anayi. Lero magetsi azima ku makina opalira matabwa, mawa kuli maliro ku Rumphi, mkuja wothandizira wathawa. Ndinkakwera Sacramento, kabaza wa njinga yakapalasa, ndi mimba yanga kupita kukamuona, n'kukapeza akukhoma zitseko za munthu wina. Ndikanadziwa, ndikanapereka theka kapena kucheperapo, ndikanatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo tsiku lomaliza ntchito likanalembedwa pa pepala tonse n'kusainira. Mmisiri amene watenga kale pafupifupi ndalama zonse alibenso chomuthamangitsa. Amayamba ntchito ya amene sanamalize kulipira.

Miyezi imeneyo, pamene mutu wanga unali kwa mmisiriyo, zizindikiro zinkadutsa pamaso panga. Tsiku lina ndikuchapa ndinamva fungo la petulo pa jekete yake. Ndinaganiza kuti anakwera kabaza. Anayamba kukhala ndi mabandulo a intaneti osandipempha, kenako nsapato zatsopano zimene anati wabwereka kwa mnzake. Aphunzitsi ake a kalasi ananditumizira uthenga kuti akumagona m'kalasi, ine n'kuyankha kuti mwina akuwerenga usiku. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi bala. M'mawa wina atavala kabudula ndinaona chilonda chamoto pa katumba ka mwendo wakumanja, mkati mwake, chozungulira ngati dzira, khungu litasupuka. Anati wagunda mbaula. Ndinamupatsa mafuta opaka n'kupitiriza zanga. Patapita nthawi ndi pamene wachipatala anandiuza kuti bala la pamalo amenewo amalidziwa bwino: ndi paipi ya utsi ya njinga yamoto. Makolo anzanga, mukaona bala lotere pa mwendo wa mwana wanu, khalani naye pansi tsiku lomwelo.

Kabedi kanafika kumayambiriro kwa Meyi, pa wilibala, kopanda kabati. Kanali kokongola ndithu, kopakidwa penti yoyera yonyezimira, fungo lake lodzaza nyumba yonse. Ndinaitana mayi wina woyandikana nafe, namwino wopuma pa ntchito, kuti adzaone. Sanayamikire. Analowetsa dzanja lake lonse pakati pa timitengo ta m'mbali, mpaka chibakera chinadutsa, n'kundiyang'ana.

"Amake mwana, muno simugoneka khanda."

Anatumiza mwana kukatenga tepi yake yosokera. Mipata inali ya masentimita 10, ina 11. Anandifotokozera kuti mpata wa pakati pa timitengo usapitirire masentimita 6, chifukwa thupi la khanda ndi laling'ono kuposa mutu wake. Mwana amatsetsereka miyendo ndi thupi n'kutulukira pa mpatapo, mutu n'kukodwa mkati, ndipo akhoza kubanika inu muli kukhitchini. Ngati mulibe tepi, yesani ndi chitini cha zakumwa zoziziritsa kukhosi, chonenepa chija: chikadutsa, mpatawo wakula. Anakanda penti ndi chikhadabo n'kufunsa kuti ndi ya mtundu wanji. Sindinkadziwa. Anati mwana akayamba kumera mano amatafuna thabwa la pamwamba, ndipo penti zina za mafuta zimakhala ndi mtovu wa lead, umene umaononga ubongo wa mwana ngakhale utalowa pang'ono. Ndi bwino kugula nokha penti yosungunula ndi madzi, yolembedwa kuti ilibe lead, kapena kungosalaza thabwa n'kulisiya choncho. Pansi pa kabedi, thabwa limodzi linali litayamba kale kupindika. Matabwa anali aawisi. Ndi chinyontho cha kuno ku Mzuzu, kumene mvula imatha mochedwa, thabwa laliwisi silichedwa kukhota ndi kuchita nkhungu.

Ndinakwiya sabata yonse. Nkhani ya patebulo inali mmisiri yekhayekha. Sindikukumbuka ngati mwana wanga ankadya nafe masiku amenewo.

Linali Loweruka, kumapeto kwa Meyi, kuzizira kwa Mzuzu kutayamba, nkhungu ili phaa mpaka pa mpanda. Cha m'ma 8 m'mawa ndinaona kuti chitseko cha kunja sichinatsegulidwe. Ndinaganiza kuti ndi tulo ta kumapeto kwa sabata. Cha m'ma 9 ndinapita kukagogoda kuti adzamwe tiyi. Zii. Ndinakankha, chinali chosakhoma. Fungo la masanzi ndi limene linandilandira. Anali atagona chammbali, atavala jekete ndi nsapato, tsaya lakumanzere litasupuka, magazi atauma m'tsitsi. Mkono wakumanzere anaufungatira pachifuwa, utatupa mpaka chikopa chikuwala. Ndinamutchula dzina katatu. Anatsegula maso pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Amayi, musakalipe."

Mawu oyamba a mwana wanga, atagona maola asanu ndi atatu ndi mutu wovulala, anali amenewo.

Sindikudziwa mmene ndinakuwira. Bambo anathamanga kukafuna galimoto kwa aneba, ndipo tinapita ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga. M'njira anasanzanso kawiri, ndipo ankafunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza, loti lero ndi lachingati. Atamujambula anapeza kuti mafupa onse awiri a mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, athyoka. Anamuika chikhakha. Koma chimene chinkawadetsa nkhawa achipatala ndi mutu. Anamugoneka masiku atatu, akumuunika m'maso ndi tochi ndi kumufunsa dzina lake usana ndi usiku. Dokotala anatiuza mosabisa kuti munthu amene wamenyetsa mutu akhoza kudzuka, kuyenda, kulankhula bwinobwino, magazi akutayikira mkati mwa chigaza pang'onopang'ono, n'kufera kutulo. Zoyenera kuthamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo ndi izi: kukomoka ngakhale kwa kanthawi, kusanza mobwerezabwereza, mutu wopweteka mowonjezereka, tulo tovuta kumudzutsa, kusokonezeka, kugwa khunyu, kapena madzi ndi magazi otuluka m'khutu ndi m'mphuno. Mwana wanga anali ndi zinayi mwa zimenezi, ali yekha, pamtunda wa mapazi khumi kuchokera pa zenera langa.

Mulungu anatichitira chifundo, magazi sanatayikire mkati. Ine ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri sindikanatha kugona pansi m'wodi, ndiye amene anakhala gadiyani usiku wonse utatu ndi bambo omupeza aja.

Nkhani yonse inatuluka pang'onopang'ono. Kuyambira mu Malichi ankatuluka cha m'ma 9 usiku, ife titatseka. Mchimwene wa mnzake wa kusukulu ankayendetsa kabaza wa njinga yamoto ya bwana wina, ndipo akatopa ankabwereketsa anyamatawa kuti anyamule anthu a m'malo omwera mowa, ndalama n'kugawana. Mwana wanga anaphunzirira kuyendetsa pa bwalo la mpira, masiku awiri. Analibe laisensi, analibe chisoti. Usiku wangoziwo sanali pa ntchito n'komwe. Anakwera atatu pa njinga imodzi, akupikisana ndi anzawo ena pa msewu wa M1 cha ku Ekwendeni, wina akujambula pa foni. Pobwerera, atakhotera m'msewu wafumbi, galu anadumpha. Anzakewo anangosupuka. Anamunyamula, kumulowetsa m'chipinda chake cha m'ma 1 usiku, kumufunditsa bulangeti, n'kuthawa. Iye mwini anawachonderera kuti asandidzutse.

Lolemba mwini njinga anafika pakhomo. Ankafuna K400,000 ya kukonzetsa ndi masiku amene njinga yakhala osagwira ntchito. Tinakambirana pamaso pa mfumu ya m'dera lathu, ndipo popeza woyendetsa wakeyo ndiye anapereka njinga kwa mwana wa sukulu, tinagawana mlandu. Ife tinalipira K230,000. Ndinakongola ku banki m'khonde pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi, ndipo ngongoleyo ndinaimaliza mu Okutobala. Kuonjezera mayendedwe, chakudya cha kuchipatala ndi mankhwala ogula, ngoziyi inatidyera pafupifupi K330,000. Ndalama zimene ndinasungira chikuta zinathera pamenepo. Mwanayo anajomba sukulu masabata atatu, ndipo mayeso a teremu yachitatu analemba mutu ukumupwetekabe.

Atatuluka m'chipatala ndinachita zimene anandipempha kuti ndisachite. Mantha aja atatha, mkwiyo unabwera wonse. Ndinamuwerengera ndalama, ndinamukumbutsa mmene ndinavutikira naye bambo ake atamwalira, ndinamufunsa ngati akufuna kundipha ndi mimba. Anakhala chete, mutu uli pansi, mpaka ndinatopa. Kenako analankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Amayi, miyezi itatu ndakhala ndikutuluka. Simunabwere n'kamodzi komwe kudzaona ngati ndagona. Munanditulutsa m'nyumba kuti muikemo bedi ya munthu amene sanabadwe."

Ndinasowa choyankha. Ndinalowa m'chipinda chija, ndinakhala pansi pafupi ndi kabedi konunkha penti, ndinalira mpaka mdima. Kwathu gowelo sakhalamo mwana mmodzi. Mumagona anyamata angapo, agogo ndi amalume ali pafupi, mudzi wonse ukudziwa amene watuluka. Ine ndinatenga dzina la gowelo n'kulipereka ku kachipinda ka m'tauni kokhala ndi kiyi wake, pafupi ndi geti.

Namwino woyandikana nafe uja ndiye anatilimbikitsa kukaonana ndi mlangizi. Muno mu Mzuzu tili ndi mwayi wa a St John of God, amene amathandiza pa nkhani za maganizo ndi za achinyamata olowerera, ndipo palinso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Ine ndinkaona ngati uphungu ndi wa anthu odwala misala, ndipo ndinazengereza masabata awiri. Zimene ndinaphunzira pa ulendo umenewo ndikanakonda ndikanazidziwa mwana ali ndi zaka 12. Mbali ya ubongo imene imagwira munthu dzanja kuti "taima kaye" imakhwima mochedwa, cha m'ma zaka 25, pamene mbali yofuna zosangalatsa imakhala itayaka kale moto pa zaka 14 kapena 15. Mnyamata amene ali yekha amaganiza bwino ndithu, koma anzake akamamuonerera amachita zimene sakanachita. Si kuti sadziwa kuopsa kwake. Mwana wanga ankadziwa kuti njinga zimapha, mnzake wa ku tchalitchi anafa nayo chaka chathachi. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati ngozi za pamsewu ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Kumuuza zimenezi kachikwi sikukanasintha kanthu usiku umene anzake ankamuimbira mluzu pa geti.

Chimene ndinachiona chovuta kumeza ndi ichi: ukali wanga sunamuletse kukwera njinga, unangomuletsa kundidzutsa atavulala. Choncho tinapangana pangano, tonse atatu pa tebulo. Akapezeka pamalo oipa, kaya waledzera, kaya wavulala, kaya amene akuyendetsa wamwa, aimbe foni nthawi iliyonse. Tidzapita kukamutenga, ndipo usiku umenewo sipadzakhala funso kapena kukalipa. Zokambirana ndi m'mawa, ndipo chilango chidzakhalapo, koma m'mawa. Nthawi yofika pakhomo ndi 7 madzulo masiku a sukulu, 9 Loweruka. Manambala a makolo a anzake atatu ndili nawo tsopano, ndipo tinadziwana maso ndi maso. Za njinga sitinamuuze kuti sadzayendetsanso moyo wake wonse, chifukwa likanakhala bodza. Bambo anamulonjeza kuti akalemba MSCE adzamulipirira sukulu yoyendetsa ndi laisensi, ndipo anamugulira chisoti chakechake cha lamba wa pachibwano, choti azivala ngakhale akangokwera kabaza. Chisoti chosamanga lamba chimavuka munthu asanafike pansi.

Chipinda chake tinamubwezera sabata yomweyo. Zinapezeka kuti khandalo silinkafunikira chipinda n'komwe. Ku sikelo anatiuza kuti mwana azigona m'chipinda chimodzi ndi mayi ake kwa miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, pa malo akeake pafupi ndi bedi ya makolo. Ndinasamutsa mwana wamoyo chifukwa cha chithunzi cha pa foni.

Kabati sinabwere mpaka lero, ndipo K150,000 ija inangothera pa kabedi kolakwika. Zovala za khanda tinaziika m'sutikesi ndi m'basiketi, ndipo zinakwana. Amene mukufuna kabati ya madirowa, muikhomerere ku khoma, chifukwa mwana akayamba kuimirira amakoka madirowa n'kukwerapo, kabati n'kumugwera. Kabedi tinakapereka kwa mmisiri wina wachikulire wa ku Zolozolo, amene anatilipiritsa K45,000, theka poyamba, theka pomaliza. Ulendo uno miyeso tinailemba pa pepala. Anaonjezera kamtengo pakati pa mpata uliwonse, anasintha thabwa lopindika ndi louma, anapala penti yonse panja n'kusalaza ndi sandipepa, ndipo m'malo mwa misomali anamanga ndi mabawuti oti tizitha kulimbitsa. Anadula timitu tokongoletsa ta m'makona, akuti chovala cha mwana chimakodwa pamenepo. Amene ankapita kukayang'anira ntchitoyo ndi mwana wanga, ndi chikhakha chake, tepi ili m'thumba. Sindinamutume. Anangomva ndikudandaula za miyendo yotupa n'kunena kuti apita ndi iyeyo. Anabwera ndi pepala atalemba muyeso wa mpata uliwonse, ndipo pamene panali 6.5 anauza mmisiri kuti abwerezenso.

Matiresi tinadulitsa mu msika molingana ndi kabediko, yolimba, yosabonyera mwana akagonapo. Mpata wa pakati pa matiresi ndi thabwa usalowe zala zoposa ziwiri. Pilo ayi, zidole ayi, mabulangeti okhuthala ounjika ayi. Apa ndinalimbana ndi apongozi anga, chifukwa kuzizira kwa Julaye kuno kumachititsa munthu kufuna kukwirira mwana ndi chilichonse chimene chili m'nyumba. Tinagwirizana zomuveka zovala zotentha, kumugoneka chagada mapazi ali kumapeto kwa kabedi, kabulangeti kopepuka kakulekeza pachifuwa titakapisa m'mbali mwa matiresi. Neti yonyikidwa m'mankhwala tinaimangirira kudenga n'kuikokera kunja kwa kabedi, yokungika, kuti isalendewere pafupi ndi nkhope yake. Kabediko tinakaika kutali ndi zenera ndi zingwe za makatani, ndipo mbaula silowa m'chipinda chogona ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Ndinachira pa 19 Julaye, mwana wamkazi. Chikhakha cha mchimwene wake anali atachotsa sabata yapitayo, mkono utaonda ngati wa mwana wa pulayimale. Anaopa kumunyamula masiku anayi.

Sindinganame kuti zonse zinatha. Magiredi ake a Fomu 3 anatsika, masamu analephera, ndipo mnzake mmodzi amene ndinkafuna atasiyana naye akuyenda nayebe. Loweruka lina mu Okutobala, 9 inakwana, 10 inakwana, iye kulibe. Ndinakhala pa bedi ndikuyamwitsa, mtima ukugunda m'khosi. Foni inalira itadutsa 11. Anaimbira bambo, osati ine. Mawu ake ankamveka kuti wamwa. Anati ali ku Katoto, anzake akufuna kubwerera atatu pa njinga, iye wakana, ndipo amusiya yekha pa msewu.

Bambo anavala jekete n'kupita. Atafika naye, ndinamva fungo la mowa ali pa khomo. Mawu anadzaza m'kamwa mwanga, onse amene ndinawakonza maola awiri aja. Ndinaluma mlomo. Ndinamuikira madzi akumwa ndi beseni pafupi ndi bedi yake, ndinamugoneka chammbali, ndinasiya chitseko chake chotsegula. Usiku umenewo ndinadzuka kanayi, kawiri kukayamwitsa, kawiri kukamvetsera kupuma kwake. M'mawa, mlongo wake ali kumbuyo kwanga, ndinamuthirira tiyi n'kukoka mpando.